Kamera Yodikira Maluwa ku Dziko la Chipale

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, pa chilumba chachikulu cha Greenland, kuli chigwa chotchedwa Zackenberg. Kumeneko kulibe mudzi, kulibe munda, kulibe ngakhale mtengo umodzi woti munthu n'kuusa pamthunzi pake. Mudzi wapafupi uli pa mtunda wa makilomita oposa 400 cha kummwera. Dziko la mtundu umenewu amalitcha tundra. Nthaka yake yapansi imakhala youndana gwa chaka chonse, imangosungunuka pamwamba pokha m'nyengo yofunda, kotero kuti zomera zake ndi zazifupi zokhazokha: ndere, udzu, ndi timitengo tokwawa tosafika n'komwe m'bondo. Dzuwa limatha miyezi pafupifupi itatu osatuluka, ndiye ikakwana nthawi yake limathanso miyezi itatu osalowa.

Mvula yakumeneko m'nyengo yozizira imagwa youndana, yoyera ngati ufa, ndipo imaunjikana mpaka kukwirira dziko lonse. Ndicho chipale. Anthu a ku Tsangano amadziwa chisanu cha mu Juni chimene chimawaula mbatata m'madimba, koma chimenecho dzuwa likakwera chimatha. Chipale cha ku Zackenberg chimagona pansi miyezi yambirimbiri, ndipo tsiku limene chasungunuka ndilo limalamula zonse: maluwa, ntchentche, mbalame ndi nyama.

M'chigwa chimenechi muli malo ochitira kafukufuku oyendetsedwa ndi yunivesite ya Aarhus ya ku Denmark. Kuyambira mu 1996 pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kuwerenga maluwa. Sabata iliyonse amapita pa timalo tomwe tomweto tozikidwa zikhomo, n'kugwada, n'kuwerenga kuti osatseguka ndi angati, otseguka ndi angati, ofota ndi angati, kenaka n'kulemba m'buku. Wina pomuona anganene kuti bambo ameneyu kapena mayi ameneyu wasowa chochita. Koma ndi ntchito yofuna mtima wautali, ndipo ili ndi malire ake. Munthuyo amabwera pa ndege yaing'ono nyengo yofunda ikayandikira, ndipo ikatha amabwerera kwawo. Komanso pakati pa ulendo wa sabata ino ndi wa sabata yamawa, duwa likhoza kutseguka ndi kufota iye osaliona.

Apa ndi pamene inalowera kamera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akatswiriwo anaikhazika pamwamba, m'mbali mwa phiri loyang'ana chigwacho, yotsekeredwa m'bokosi loteteza ku mphepo ndi kuzizira. Ilibe woigwira. Nthawi yake ikakwana imajambula yokha, malo omwe omwewo, itapenya mbali yomwe yomweyo, lero, mawa, mkuja. Chithunzi chimodzi pachokha chilibe nkhani. Koma zithunzizo akazindandalika motsatana masiku, chigwa chimaoneka chikuvula choyera, n'kukhala chodera, n'kubiriwira, n'kufiira, mpaka choyera chija kubwereranso. Miyezi inayi munthu amaionera m'kamphindi kochepa.

Ndipo sangodalira maso. Chithunzi chilichonse chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse ndi msanganizo wa mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wa buluu. Kompyuta imawerengera kuti pa mitundu itatuyo wobiriwira watenga gawo lalikulu bwanji. Gawolo likayamba kukwera ndiye kuti masamba aphuka, likafika pachimake ndiye kuti msipu wakhwima, likamatsika ndiye kuti nyengo yapita. Anthu awiri akhoza kutsutsana kuti chaka chatha udzu unabiriwira liti, aliyense n'kulumbira. Chithunzi chili ndi tsiku lake lolembedwa, ndipo mlandu umathera pomwepo.

Buku la wowerenga maluwa uja linatulutsa nkhani yoyamba mu 2007. Toke Høye ndi anzake atasonkhanitsa zolemba za 1996 mpaka 2005 anapeza kuti maluwa akutseguka msanga, tizilombo tikutuluka msanga, mbalame zikuikira msanga, ndipo pophatikiza zonse nyengo inali itafulumira ndi masiku 14 ndi theka pa zaka khumi. Nkhaniyo inamveka m'maiko ambiri. Ambiri anaona ngati njira yadziwika: dziko likutentha, chipale chizisungunuka msanga chaka ndi chaka, basi.

Kenaka kunabwera 2018. Chipale chinagwa chochuluka kwabasi, ndipo pofika kumapeto kwa Julayi, nthawi imene chigwa chimayenera kukhala chobiriwira, pafupifupi theka lake linali likadali loyera. Maluwa anatseguka mochedwa kwambiri moti kuzizira kunawapeza njere zisanakhwime. Pali kambalame kotchedwa sanderling kamene kamathawira kuzizira m'magombe a nyanja, ena mpaka ku Ghana ndi ku Namibia, n'kumabwerera ku Greenland kukaikira mazira. Chaka chimenecho tinafika n'kupeza pansi pali pokwiririka, tizilombo toti tidye palibe. Tina tinaonda, tina tinafa ndi njala, ndipo tochepa timene tinaikira tinaswa nthawi itatha kale. Ana a nkhandwe zakumeneko sanaoneke, ana a ng'ombe zam'tchire zaubweya wautali zotchedwa muskox anali owerengeka. Niels Martin Schmidt ndi anzake analemba mu 2019 kuti chiyambire kulondola chigwacho anali asanaonepo zomera ndi nyama zikulephera kubereka pamodzi chotero.

Mu 2023 gulu la Schmidt linabwereranso ku mabuku, tsopano ali ndi zaka 25 m'manja, kuchokera 1996 mpaka 2020. Kufulumira kuja kwa masiku 14 kunali kutazimirira. Chimene chinatsala ndi kusinthasintha: chaka china nyengo yofunda imabwera msanga kwambiri, chotsatira imachedwa kwambiri, ndipo palibe angalosere. Akatswiri a 2007 sananame, anawerenga bwino zimene anali nazo. Kungoti zaka khumi zinali zochepa. Akanati atope pomwepo, n'kumasula kamera, n'kutseka buku, dziko likanatsala ndi nkhani yoduka, n'kumaikhulupirira.

Mlimi wa ku Angónia sangadabwe ndi vuto limeneli. Mvula ikanati izichedwa ndi sabata imodzi chaka chilichonse mosaphonya, iye akanangosuntha tsiku lobzala. Chimene chimamusaukitsa ndi mvula yobwera mu Novembala chaka chino, n'kudzabwera pa Khrisimasi chaka chamawa, kapena yogwa kamodzi, mbewu n'kumera, kenaka n'kudula masabata atatu. Kambalame kaja kali pa vuto loposa pamenepo, chifukwa kamanyamuka kutali kosadziwa kuti chipale chili bwanji kumene kakupita, ndipo kalibe mbewu yobzalanso.

Masiku ano makamera ena sakhalanso patali paphiri. Amawaimika pa timiyendo tachitsulo atapenya pansi, pamwamba pa kachitsamba ka maluwa oyera otchedwa Dryas, amene ali ponseponse m'tundra. Amajambula pafupipafupi, usana wonse wosatha uja, mpaka zithunzi kuchuluka koti munthu sangazione zonse ngakhale atakhala pansi chaka chathunthu. Mu 2022 akatswiri a ku Aarhus anaonetsa kuti kompyuta ikhoza kuphunzitsidwa kuzindikira duwa pa chithunzi ndi kuliwerenga yokha. Chimene akufuna kudziwa ndi chakuti duwa limakhala lotseguka masiku angati, ndiponso ngati masikuwo akukumana ndi masiku a ntchentche. Kumeneko njuchi ndi zochepa, ndipo ntchito yonyamula mungu kuchoka pa duwa ili kupita pa lina imagwiridwa makamaka ndi ntchentche zofanana ndi zapakhomo zimene anthu amaingitsa pa nsima. Ku Zackenberg komweko anapeza kale mu 2013 kuti nyengo ya maluwa ikufupika ndipo ntchentchezo zikuchepa.

Kamera nayo ili ndi zofooka zake. Nkhungu ikatsika imajambula choyera chokhachokha, galasi lake limachita kumatidwa ndi madzi oundana, batire limafooka ndi kuzizira. Simva kulira kwa mbalame, ndiponso singatole kambalame kakufa n'kukaika pasikelo kuti idziwe kuti kanaonda. Zimenezo mu 2018 anachita ndi anthu, akuyenda wapansi pa chipale mu Julayi. N'chifukwa chake wowerenga maluwa uja sanachotsedwe ntchito: chipale chikayamba kusungunuka ndege imamutulabe m'chigwacho, ndipo iye amakayamba ndi kufufuza zikhomo zake.