Sitima yotsegula kukamwa pagombe

Lero ndikufuna tikambirane za sitima ina yankhondo imene m'kalasi sitiitchula, chonsecho inagwira ntchito pankhondo yomwe agogo athu a Keyala anamenya nawo.

Kuno ku Rivirivi nyanja yamchere ili kutali, koma vuto limene sitimayi inadzathetsa timalidziwa. Amene munawolokapo Shire pabwato muli ndi njinga mukudziwa kuti povuta ndi potsika. Amene munakwerapo Ilala munaona kuti m'malo ambiri imaima patali, anthu ndi katundu n'kumatutidwa pa timaboti. Tsono taganizani katunduyo atakhala kasinja wa matani 30, adani akuwombera kuchokera kumtunda.

Mu 1940 ku Dunkirk, Angerezi anapulumutsa asilikali oposa 300,000, koma akasinja, mizinga ndi malole anazisiya konko. Winston Churchill analimbikira kuti papezeke sitima yotha kutsitsa akasinja pamchenga popanda doko. Anaitcha Landing Ship, Tank, mwachidule LST.

Poyamba anangosintha sitima zitatu zonyamula mafuta zimene zinapangidwira madzi osaya a nyanja ya Maracaibo ku Venezuela. Kutsogolo anaikako zitseko ndi mlatho wotsetserekapo magalimoto. Imodzi mwa izo, Bachaquero, ndiyo inayamba kuyesedwa pankhondo yeniyeni, ndipo kunali kufupi ndi kwathu kuno: ku Madagascar, pafupi ndi Diego Suarez, mu May 1942. Chilumbachi chinali m'manja mwa Afalansa a boma la Vichy, ndipo Angerezi ankaopa kuti Japan ichilanda. Mu September chaka chomwecho asilikali a King's African Rifles, kuphatikizapo a ku Nyasaland, anatsikira ku Majunga n'kulowera kulikulu, ku Tananarive.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi nzeru za kapangidwe ka LST zimene Amereka anapanga pambuyo pake. Sitima yodutsa nyanja yaikulu imafunika kulowa kwambiri m'madzi kuti mafunde asaigubuduze, pomwe yokwera pamchenga imafunika kuyandama pamwamba. Zinthu ziwirizi n'zotsutsana. Akatswiri anaipanga yafulati kunsi, yotalika mamita 100, n'kuiikira matanki a madzi. Ikakhala pakati pa nyanja ankadzaza matankiwo kuti ilemere. Ikamayandikira gombe ankapopa madziwo, iyo n'kupepuka, n'kukwera pamchenga, zitseko n'kutseguka. Nanga pobwerera? Isanafike kumtunda ankaponya nangula kumbuyo, ndipo ikatsitsa katundu inkadzikoka yokha ndi chingwe cha nangulayo. Aphunzitsi a Physical Science, chitsanzo cha kuyandama ndi kumira si ichi?

Amereka anapanga zoposa 1,000, zambiri m'matauni akumtunda ngati Evansville m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, n'kumatsetsereka ndi mitsinje mpaka kunyanja. Sinali yokongola, inkayenda pang'onopang'ono, ndipo inkasanzitsa anthu chifukwa chogwedezeka. Oyendetsa ankaiseka kuti dzina lake lenileni ndi Large Slow Target, kutanthauza chinthu chachikulu chochedwa chimene mdani sangachiphonye. Komabe ku Normandy mu June 1944 ndiyo inkatsitsa akasinja, pobwerera n'kunyamula ovulala kupita nawo ku England.

Tikamaphunzitsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse timathera nthawi pa Hitler ndi masiku a mapangano, ana n'kumaona ngati ndi nthano ya azungu okhaokha. Koma nkhondoyo inkatembenuka pa mamita ochepa a pakati pa madzi ndi mchenga, ndipo pagombe lina la ku Madagascar panaponda anyamata ochokera m'midzi ngati yathuyi. Amene anapitako pafupifupi onse anatsogola. Inu ana anga amene m'banja mwanu munali agogo a Keyala, funsani amene atsala, lembani dzina, mudzi ndi kumene anakafika. Mukadzabwera kumudzi pa holide, mudzandipatsire ndikawerengere a Fomu 4.