Tikatha Njira ya Mtanda Sitibalalika

Kwathu kuno Lenti imafika nkhokwe zili pululu. Lachitatu la Phulusa limagwa mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Marichi, chimanga chikadali chachiwisi m'munda, mtengo wa thumba utakwera pamsika, mabanja ambiri akudya kamodzi patsiku. Ndiye ansembe akaima n'kunena kuti akhristu, masiku 40 amenewa tisale kudya, m'mabenchi a kumbuyo mumamveka kakuseka kapansipansi. Tisale chiyani, poti ena tinayamba kusala Khirisimasi itangotha?

Funso limeneli si lachibwana. Munthu amasala chinthu chimene ali nacho. Ndipo ngati pali chimene Amalawife tili nacho chambiri, ngakhale m'chaka cha njala, ndi mawu aja akuti "ndili bwino, kaya inu". Timawanena pamaliro, timawanena pa benchi ya kuchipatala, timawanena landilodi atangochoka pakhomo. Mphakati wathu ku Zingwangwa unasankha kusala mawu amenewa, Lachisanu lililonse la Lenti, kwa ola limodzi lokha.

Kwa amene simupemphera Katolika, mphakati ndi kagulu ka mabanja oyandikana amene amakumana m'makomo kuwerenga Mawu, kupemphera ndi kuthandizana. Maepiskopi a kum'mawa kwa Africa anagwirizana za magulu oterewa mu 1973, ndipo kuno kwathu Episkopi Patrick Kalilombe anawalimbikitsa kwambiri mu dayosizi ya Lilongwe. Wathu ndi wamba: aphunzitsi opuma, amayi a geni, anyamata a kabaza, ndi ife a madigiri osungidwa mu emvulopu.

Zinayamba mu 2023. Namondwe wa Freddy anagwa Lenti ili pakati. Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Marichi matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ena opulumuka anabwera kudzakhala ndi abale awo m'dera lathu. Lachisanu lina titatha Njira ya Mtanda tinakhala pakhonde la amayi ena a mumphakati, mvula ikuwaza, palibe wofuna kunyamuka. Mayi wina mwa alendowo, amene anandilola kuti ndilembe izi, anayankhula osafunsidwa.

"Ana anga," anatero, "lero titafika pa malo a 13 ndi a 14 ndinachita nsanje. Amayi Maria anapatsidwa mtembo wa mwana wawo. Anaugwira ndi manja. Anaona pomwe anamuika. Nanga wangayo ali kuti? Ine ndizikasesa manda ati?"

Panakhala chete. Palibe amene anati limbani mtima, palibe amene anati chinali chifuniro cha Mulungu. Kenako agogo ena, mwina poti nawonso anasowa chonena, anangoti: "Tili tonse." Mawu aja timayankha pa nthano, wofotokoza akati padangokhala. Tonse tinabwereza.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse la Lenti tikatha Njira ya Mtanda sitibalalika. Timasankhiratu malo amodzi mwa malo 14 aja, ndipo aliyense amene akufuna amabwera ndi ndakatulo, nkhani ya moyo wake, kapena nthano yokhudza malowo. Malamulo ndi ochepa. Mafoni onse amalowa m'lichero, chifukwa misozi ya munthu si ya pa sitetasi. Aliyense mphindi zisanu. Akamaliza sitiwomba m'manja, sitipereka uphungu, sitilalikira. Timangoti tili tonse, basi.

Sikuti zonse zinayenda myaa. Pa malo a 9, pamene Yesu akugwa kachitatu, mnyamata wina wa kabaza anabwera ndi ndakatulo yolemba kuseri kwa kalendala. Njinga yake yamoto, ya ngongole, achifwamba anali atamulanda. M'ndakatulomo ankafunsa Mulungu kuti kodi mumawerenga kangati munthu akagwa, ndipo mukafika pa nambala iti m'pamene mumatumiza wom'dzutsa. Bambo atcheyamani sanakondwe.

"Mwana iwe, Mulungu safunsidwa ngati mnzako wa pasiteji. Ndiponso Lenti ndi nyengo ya chete. Ngakhale Aleluya timamuika kaye pambali. Ndiye ife tizichita kuchulutsa zonena?"

Ine ndinawamvetsa. Amaopa kuti pemphero lisanduka bwalo la madandaulo, ndipo mantha amenewo ndi a munthu wokonda mpingo wake. Koma aphunzitsi ena opuma anawayankha modekha. Anati bambo, tsegulani Masalmo muone kuti mwa 150 aja ndi angati amene akufunsa Mulungu kuti mpaka liti. Tsegulani buku la Maliro, limene mabaibulo ena amalitcha Madandaulo: ndi ndakatulo zisanu zolira mzinda wa Yerusalemu utawonongedwa, ndipo zinayi zoyambirira zinasanjidwa motsata zilembo 22 za Chihebri. Wolemba wake anali ndi chisoni chosaneneka, komabe anakhala pansi n'kuchiyala chilembo ndi chilembo, kuti anthu ake athe kuchinyamula. Ngati Mulungu analola zimenezo kulowa m'buku lake, ndakatulo ya kuseri kwa kalendala singamuopse.

Kenako anatikumbutsa chinthu chimene ife obadwa m'nthawi ya matipate timangochimva. Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inanena za malipiro ochepa, za kusowa kwa mankhwala ndi mabuku, za anthu otsekeredwa popanda mlandu. Aphunzitsiwo anali m'tchalitchi tsiku limenelo. Anati munalibe chachilendo m'kalatamo, aliyense ankazidziwa kale. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, masana, anthu onse ali pamodzi. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, koma pa 14 Juni 1993 Amalawi anakavota pa referendamu. Ndiye kunena zoona pa Lenti, anatero, si mwambo wobwera ndi achinyamata a mafoni. Atcheyamani sanayankhe. Lachisanu lotsatira anabwera ndi nthano ya kwawo ku Thyolo, ndipo anapitirira mphindi zisanu.

Ine ndinawerenga yanga pa malo a 5, a Simoni wa ku Kirene, munthu amene anangogwidwa panjira kuti asenze mtanda wosakhala wake. Ndinalemba za achemwali anga. Zaka zinayi zimene ndinali ku Chanco iwo ankadzuka m'bandakucha kukatsegula belo la kaunjika ku Limbe, kuti ine ndisagone ndi njala ku Chikanda. Palibe anawafunsa ngati akufuna. Anangopezeka kuti ndiwo aakulu bambo atamwalira. Lero digiri ilipo, ntchito yokhazikika palibe, ndipo akandifunsa kuti zikuyenda bwanji ndimati zikuyenda, iwonso amati chabwino, tonse tikudziwa. Ndinaiwerenga iwo ali pomwepo, atakhala pamphasa. Sanandiyang'ane. Anangokonza chitenje chawo n'kuyankha limodzi ndi anthu onse. Pobwerera kunyumba anati: "Achimwene, mawu aja mundilembere papepala." Pepalalo lili m'kachikwama kawo ka ndalama za geni.

Musaganize kuti ndakatulo zimachita zozizwitsa. Mwana wa mayi uja sanapezeke. Njinga ya mnyamata uja sinabwerere. Chimene chinasintha ndi chaching'ono koma chogwirika. Mpingo umaphunzitsa kuti Lenti imaima pa mafuwa atatu: pemphero, kusala ndi ntchito zachifundo. Kale tikasonkha ufa ndi sopo tinkapereka mongoganizira, kwa amene umphawi wake umaonekera pa zovala. Tsopano timadziwa kuti bambo a tayi aja ali ndi miyezi itatu osalandira, kuti mayi woseka kwambiri uja ndiye amagoneka ana ndi phala. Mapemphero athunso ali ndi mayina. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma denga losabisika ndi limene anthu amathandizana kusenza.

Phulusa limene timadzozedwa pamphumi limachokera ku kanjedza amene tinakupiza chaka chatha poimba mokondwera. Chimwemwe chathu ndi chisoni chathu ndi mtengo umodzi, ndipo mpingo umene umangodziwa kuimba osadziwa kumvera kulira ukudziwa theka lokha la anthu ake. Ngati kwanu kuli kagulu kopemphera, kaya ndi mphakati, kaya ndi mlaga, kaya ndi anzanu anayi a pahositelo, yesani Lachisanu limodzi. Pezani lichero la mafoni. Wina akayamba kuyankhula, gwirani pakamwa panu ulaliki usatuluke, mum'siye afike kumapeto.

Sabata ino ife tili pa malo a 8, amayi a ku Yerusalemu olira m'mbali mwa njira. Amayi atatu alembetsa kale, ndipo mmodzi wandipempha kuti ndipite Lachinayi madzulo ndi cholembera, poti iye kulemba sadziwa koma mawu ali nawo.