Nkhosa yosalankhula ndi zinenero za ku Chitipa

Zaka ziwiri zotsatana, 2018 ndi 2019, dziko la Britain lidasankha filimu yoti ikaliimire ku mpikisano wa Oscar, m'gawo la mafilimu a zinenero zina osati Chingerezi. Ulendo woyamba lidatumiza I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, momwe anthu akulankhula Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga. Ulendo wachiwiri lidatumiza The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yojambulidwa konkuno m'Chichewa ndi Chingerezi. Mafilimu onse awiri sadafike pa ndandanda womaliza, koma taganizani, abale anga: dziko la Shakespeare kupita ku mpikisano litanyamula chinenero cha m'misika yathu!

Ine nkhani imeneyi imandisangalatsa komanso imandisowetsa tulo, poti kwathu ndi ku Chitipa, komwe munthu umadzuka ndi Chilambya, kumsika n'kutsatsa malonda m'Chindali kapena Chinyiha, kutchalitchi n'kuimba Chitumbuka, kusukulu n'kulemba mayeso m'Chichewa. Chichewa ndikulembachi ndidachiphunzira pa bolodi. Ndiye funso lakuti ndani amalankhula pa kanema, ndipo amalankhula chinenero chanji, kwa ine ndi funso la kunyumba.

Ambirife tikamva za mafilimu a ku Mangalande timaganiza za James Bond, masuti ndi mfuti, kapena mafumu m'nyumba zachifumu. Koma kuseri kwa amenewo kuli mafilimu ang'onoang'ono, opangidwa ndi ndalama zochepa, ndipo ndi amene amaonetsa kuti dzikolo lili ndi anthu amitundumitundu ngati lathu lomwe. Mu 1969 Ken Loach adapanga Kes, nkhani ya mnyamata wosauka wa ku Barnsley, dera la migodi ya malasha, yemwe chimwemwe chake chonse chidali kambalame kolusa komwe ankaweta. Ana a m'filimumo adali a komweko ndipo ankalankhula Chingerezi cha kwawo, chokhuthala, choti ku America anthu adadandaula kuti sakumva. Mu 2002 Gurinder Chadha, wobadwira ku Nairobi, adatulutsa Bend It Like Beckham, ya mtsikana wa banja lachimwenye mu London wofuna kusewera mpira makolo akukaniza. Mu 2016 Loach yemwe uja adapambana mphoto yaikulu ku Cannes ndi I, Daniel Blake, ya kalipentala wa ku Newcastle wodwala mtima, yemwe maofesi a boma akungomuponya uku ndi uku ndi mafomu. Amene adayendapo kufuna penshoni ya malemu bambo ake safunika womumasulira filimu imeneyi.

Kusiyanasiyana kotereku sikudagwe kumwamba ayi. Channel 4 itayamba mu 1982 idayamba kuika ndalama m'mafilimu omwe makampani akuluakulu sakadawayang'ana n'komwe. BBC nayo ili ndi nthambi yake ya mafilimu, ndipo British Film Institute imagawa ndalama zochokera ku lotale ya dziko. Mwanjira imeneyi wolemba wa kumudzi wakutali ndi London amatha kupeza poyambira. Kuno kwathu Shemu Joyah, yemwe The Road to Sunrise yake idakhala filimu yoyamba kuimira Malawi ku Oscar mu 2018 momwemo, ndi munthu woyeza malo amene adalowa m'mafilimu chifukwa cha chikondi basi.

Komabe filimu ya ku Britain yomwe ndidaiona ikugwira mitima kwathu si ina mwa zimenezi. Ndi katuni ya nkhosa. Kampani ya Aardman ya ku Bristol imaumba tizidole ta dongo la pulasitiki, n'kumatisuntha pang'onopang'ono, kujambula chithunzi, kusunthanso, kujambulanso, mpaka tizidoleto tioneke ngati tikuyenda tokha. Ndi iwowa adapanga Chicken Run mu 2000, ya nkhuku zokonza chiwembu chothawa pafamu zisadaphikidwe. Kenaka mu 2007 adayambitsa Shaun the Sheep pa wailesi yakanema, filimu yake yaitali n'kutuluka mu 2015. Mmenemo mulibe mawu ngakhale amodzi omveka. Nkhosa zimangolira, galu amangouwa, mwini famu amangong'ung'udza.

Tsiku lina ku Misuku, nyengo yothyola khofi, mphwanga wina adabwera ndi tizigawo ta katuniyi m'foni. Madzulo ana adaunjikana pakhonde, ena a Chisukwa, ena a Chindali, awiri ana a mphunzitsi wochokera ku Ntcheu amene Chisukwa chidali chisadawalowe. Onse ankaseka pamodzi, nthawi imodzi. Agogo anga, omwe mafilimu a m'mavidiyo sho amati ndi phokoso la achinyamata, adasendera pafupi n'kuyamba kufotokoza okha zomwe nkhosayo ikuganiza, m'chinenero chawo, ngati akusimba nthano ya Kalulu. Galu uja adampatsa dzina la kapitawo wina wakale. Pomwe filimu idakhala chete, agogo adapeza malo olowerapo.

Yerekezani ndi zomwe timaonera masiku onse. Pa boma la Chitipa, monga m'matauni ena onse, mafilimu a karate ndi a ku Nigeria amabwera atathiridwa kale mawu a womasulira, wina m'Chichewa cha ku Blantyre, wina m'Chiswahili chodzera ku Tunduma. Timaseka ndithu, anyamatawo ali ndi luso. Koma mwana wa ku Kameme kapena ku Nthalire amakula akudziwa kuti pa kanema anthu amakondana, kumenyana ndi kufa m'zinenero za eni ake, pomwe chake n'chotumira mwana kukatunga madzi. Izi zidayamba kale. Mu 1968 Chichewa chitakhala chinenero cha dziko, Chitumbuka chidachotsedwa pa MBC mpaka 1994, ndipo wailesi yakanema tidaiona mu 1999. Zinenero zing'onozing'ono za kwathu zidali kutali ndi mzere umenewo.

N'chifukwa chake filimu ya Kamkwamba ndimaiona ndi maso awiri. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Ejiofor adadza nako: adajambula njala ya 2001 ndi 2002 mosabisa, adaika Gule Wamkulu mwaulemu, adapatsa Lily Banda mpata woonekera dziko lonse. Koma Amalawi ambiri adaseka katchulidwe ka Chichewa cha osewera ena, poti mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya, ndipo wosewera mayi ake, Aïssa Maïga, amakhala ku France. Anzanga a ku Lilongwe adakwiya nazo kwambiri. Ine ndidawauza kuti mwamvako kamodzi kokha mmene zimawawira chinenero chako chikapindika m'kamwa mwa mlendo. Ife chathu sichidapindikepo pa kanema, poti sichidafikepo.

Nkhani zilipo, eti. Msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, womwe anthu adaulonjezedwa kwa zaka zambirimbiri tala asadathiridwe ndi a ku China, uli ndi nthabwala ndi misozi zokwana mafilimu atatu. Pali mayi wokwera njinga kupita ku Isongole kapena ku Nakonde, m'chikwama muli makwacha a mayiko awiri ndi mashilingi. Pali mlimi wa khofi wa ku Misuku yemwe sadalawepo khofi wake mmene amamwera m'mahotela. Pali nkhalamba yonamiziridwa ufiti, nkhani yomwe Nyoni adaisimba kudzera mwa kamtsikana komangidwa ndi nsalu yaitali kumsana, ndipo ife timangoiwerenga m'nyuzi ikachitika kumpoto kuno n'kutembenuza tsamba.

Nanga zida? Mwana aliyense woweta ng'ombe m'munsi mwa mapiri a Mafinga amadziwa kuumba ng'ombe yadongo yokhala ndi linunda ndi nyanga zake. Foni yojambula ili m'thumba la mkulu wake. Kusiyana kwa mwana ameneyu ndi amisiri a ku Bristol ndi kwakuti iwo adapeza wowauza kuti kuseweraku ndi ntchito, n'kuwalipira. A Film Association of Malawi, a mayunivesite ndi inu amalonda amene mumathira ndalama pa mpira wokhawokha, mukadzakhala pansi kukambirana za mafilimu a dziko lino, mudzakumbukire kuti Malawi sathera pa Mzuzu. Ng'ombe yadongo ikadzayenda pa kanema, idzalire m'Chilambya, ndipo inu a m'tauni mudzawerengeko mawu apansi monga takhala tikuchitira ife.