Madzi obisala mumchere wabuluu

Aphunzitsi anzanga, ndili ndi mlandu woti ndiulule. Chaka china mu Januwale, mvula ikukhuthuka usana ndi usiku kuno ku Zomba, ndinkaphunzitsa Fomu 3 za madzi amene amabisala mkati mwa mchere. Tinayeza magalamu 5 a copper sulphate, wabuluu uja, n'kumutenthetsa pang'onopang'ono. Mcherewo unkaoneka wouma gwaa, koma kukamwa kwa test tube kunatuluka timadontho, pansi n'kutsala ufa woyera wolemera magalamu 3.2. Magalamu 1.8 osowawo anali madzi.

Linali Lachisanu. Belu litalira ndinakhuthulira ufawo m'kambale, n'kuusiya osavundikira. Lolemba ndinaupeza utayambanso kuoneka wabuluu. Ndinakalipira mnyamata amene ankasunga makiyi a labu pamaso pa anzake, kuti wathiramo madzi. Anakana, ine osamva.

Madzulo ake, ndikuyang'ana nkhungu ikutsika phiri cha ku Mulunguzi, m'pamene ndinakumbukira kuti ufa umenewu umayamwa chinyezi cha mumpweya. Mfundo yomwe ndinailemba ndekha pabolodi!

Manyazi anandigwira, sindinapepese. Achimwene, ngati mukuwerenga izi, inu munalibe mlandu. Mundikhululukire.