Nkhuku yofunda tchizi ya m'mabala a ku Australia

Akonzi,

Ndiloleni ndiwauzeko awerengi anzanga za chakudya chomwe chili pakamwa pa aliyense kuno ku Melbourne, m'dziko la Australia, komwe ndikuchita maphunziro. Dzina lake ndi chicken parmigiana, ndipo n'kovuta kupeza bala yophika chakudya yomwe saigulitsa.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Amatenga mnofu wa pa nganga ya nkhuku n'kuumenya kuti uphwathalale. Amauviika mu ufa wa tirigu, m'dzira, kenako m'nyenyeswa za buledi, n'kuukazinga. Pamwamba amathira msuzi wa matimati, ena amayalapo kachidutswa ka nyama ya nkhumba, n'kufunditsa tchizi. Ikalowa mu uvuni, tchizi imasungunuka n'kupsa mofiirira. Imabwera ndi tchipisi komanso saladi. Nsima musaiyembekezere.

Eni dziko amachinyadira ngati chawochawo, koma gwero lake ndi kummwera kwa dziko la Italy, komwe amphawi ankaphika mabiringanya ndi matimati ndi tchizi, popanda nyama. Anthu a ku Italy omwe adasamukira ku America adapeza kuti nyama kumeneko njosaboola m'thumba, choncho adayamba kuika nyama pamalo pa mabiringanya. Ku Australia nako anthu a ku Italy adafika ambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo msewu wa Lygon kuno ku Melbourne ukadali wodzaza ndi malo awo odyera.

Mabala nawo adasintha. Kuyambira 1916 mpaka 1966, lamulo m'chigawo chino cha Victoria linkati bala izitsekedwa 6 koloko madzulo. Abambo akaweruka kuntchito ankathamangira kukakhuthula mowa ali chiimire nthawi isanakwane. Lamulolo litachoka, pang'ono ndi pang'ono bala idasanduka malo okhala pansi n'kudya. Lero mumapezamo agogo, makolo ndi ana atazungulira tebulo limodzi.

Pa nkhuku imeneyi pali mikangano yosatha. Kuno ku Victoria amaitcha parma, pomwe ku Adelaide ndi ku Brisbane amati parmi, ndipo aliyense amalumbira kuti wolakwa ndi mnzakeyo. Ena amafuna tchipisi chikhale pansi pa nkhuku, ena amati chikatero chimanyowa. Akuluakulu aulemu wawo amatsutsana mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, kenako n'kuseka.

Kwa ine nkhani yaikulu si kukoma kwake. Kuno anthu sangofika pakhomo pa mnzawo n'kunena odi. Aliyense ali m'nyumba mwake, chitseko chotseka, ndipo mlendo atha kutha mwezi osacheza ndi munthu. Mabala ambiri amasankha tsiku limodzi mkati mwa sabata lotsitsa mtengo wa parma, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe anzanga a m'kalasi amandiitana. Ine sindimwa mowa, koma palibe amandifunsa chifukwa. Pa tebulo limenelo ndi pomwe ndidamva za ganyu yomwe ikundilipirira nyumba, ndi pomwenso adandipepesa nditalandira uthenga wa maliro a malume anga. Kwathu mlendo timamuphera nkhuku. Kuno amamutengera ku bala, aliyense n'kulipira mbale yake, koma cholinga n'chimodzimodzi.

Mu 2018, chilala chitavuta kummawa kwa dziko lino, mabala ambiri adalowa m'ndawala yotchedwa Parma for a Farmer. Pa mbale iliyonse yogulidwa ankapatula kangachepe kothandizira alimi omwe ziweto zawo zinkasowa msipu. Zidatheka chifukwa ndi chakudya chomwe olemera ndi osauka omwe amagula.

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anthu a ku Italy atangofika kuno ankanyozedwa chifukwa cha chilankhulo ndi zakudya zawo. Lero zidzukulu za onyozawo zikukangana za dzina la ndiwo ya alendo aja. Ngakhale chimanga chomwe timaphikira nsima chidachokera ku America, koma ndani angatiuze kuti nsima si yathu? Tisananyoze mphika wa mlendo yemwe wabwera kudzakhala pakati pathu, tiyambe talawa.

Wophunzira,
Melbourne, Australia