Ukwati wa Kutsidya: Ntchito ya Mkonzi pa Gombe la Lago

Ukwati wa kutsidya ndi ukwati umene mkwati ndi mkwatibwi amakaumangira kutali ndi kwawo, atawoloka nyanja pamodzi ndi abale awo. Pa gombe la boma la Lago, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kuchokera ku Meluluca kumwera, kudzera ku Metangula, Chuanga ndi Messumba mpaka ku Cóbuè kumpoto, maukwati otere alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wakalekale. Mnyamata wa pa Likoma kapena pa Chizumulu amapeza mbeta ku Cóbuè, ankhoswe nkumakwera bwato kukakambirana, popeza anthu a pa zilumbazi ndi a kumtunda kuno ndi amodzi, Anyanja, olankhula chinenero chimodzi ngakhale ziphaso zawo ndi za mayiko awiri. Ubalewu unalimba kwambiri pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, pamene mabanja ambiri a ku Lago anathawira pa Likoma. Mtundu wachiwiri ndi watsopano: anthu a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Nampula, ku Johannesburg ngakhalenso ku Ulaya, amene amafuna kuvekana mphete pamchenga ndi kutsalira komweko masiku angapo a hanimuni. Amene amalumikiza zonse, kuti alendo afike, adye, agone ndi kubwerera kwawo ali amoyo, ndiye mkonzi wa ukwati.

Za keke, diresi, velo, suti ndi maluwa sizifuna kutayirapo nthawi. Aliyense amene anakhalapo mu komiti ya ukwati amazidziwa. Za mapepala nazo ndi zachidule. Lamulo la mabanja la ku Mozambique limavomereza ukwati wa kuboma, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa mwambo, malinga ngati walembetsedwa ku Registo Civil ndipo onse awiri akwanitsa zaka 18, zaka zomwezonso zimene lamulo la ku Malawi la 2015 limafuna. Mlendo wofuna kulembetsa kuno ayenera kubweretsa kalata yotsimikiza kuti ndi womasuka kukwatira, yomasuliridwa m'Chipwitikizi. Chifukwa cha ichi mkonzi wanzeru amalangiza ochokera kunja kuti akamalize za boma kwawo, kuno abwere kudzadalitsa ndi kusangalala. Ofuna tchalitchi cha Anglican, monga cha pa mishoni yakale ya Messumba, akumbukire kuti ukwati umalengezedwa Masabata atatu, ndipo wansembe safulumizidwa ndi tikiti ya ndege ya munthu. Pasipoti imadindidwa pa Likoma potuluka, ndi ku Cóbuè kapena ku Metangula polowa.

Mtima wa ntchitoyi uli pa mphepo. Ku Lilongwe tsiku la ukwati limasankhidwa poyang'ana holo ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi. Ku Lago limasankhidwa poyang'ana nyanja. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yozizira yochokera kumwera, imene imayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi isanafike kuno, ndipo pofika imakhala itautsa mafunde aakulu. Mwera ukayamba suthera tsiku limodzi. Umatha kuwomba masiku atatu kapena anayi mosalekeza, asodzi atakokera mabwato awo kumtunda nkumasoka maukonde. Miyezi imeneyi ndi yomwenso alendo a ku Ulaya amaikonda, chifukwa kwawo ndi tchuthi ndipo kuno kulibe mvula. Apa ndi pamene mkonzi amayamba kukangana ndi kasitomala ukwati usanayandikire nkomwe.

Mpoto ndi mphepo ya nyengo ya mvula, yochokera kumpoto. Siikhalitsa ngati mwera, koma imabwera modzidzimutsa: kumwamba kuda kumpoto, madzi asintha mtundu, ndipo pasanathe nthawi yophika nsima namondwe wafika. Nyengo yomweyo msewu wadothi wochokera ku Metangula kupita ku Cóbuè umasanduka matope, kotero kuti njira ya pamtunda ndi ya pamadzi zimavuta nthawi imodzi.

Yonyenga kuposa zonse ndi vuma. Imeneyi imatsika m'mapiri a kum'mawa, kumbuyo kwa midzi, nkulowa m'nyanja. Popeza ikuchoka kumtunda, madzi a pafupi ndi gombe la Lago amakhala bata ngati m'mbale, ndipo munthu woima pamchenga amalumbira kuti lero nkwabwino. Mafunde ali kutsogolo, pakati pa njira, pamene boti latuluka m'mthunzi wa mapiri. Kuchokera ku Cóbuè, Likoma amaoneka pafupi, makilomita ochepa chabe, moti usiku nyali za pa chilumbapo zimawerengeka. Koma kampata kameneka kakhoza kuvutitsa boti lodzaza anthu. Mkonzi sayang'ana madzi a pamapazi ake. Amayang'ana mzere wa kutali, pamene nyanja yakumana ndi thambo: ukakhala wosalala, njira ili bwino, ukakhala wamanomano, kapena ukamaoneka timizere toyera tikuthwanima, boti silinyamuka.

Nthawi yabwino tsono ndi kuyambira mu Seputembala mpaka mvula isanagwe. Kumatentha, koma nyanja imagona, ndipo madzi amakhala atatsika, mchenga nkukula. Izinso sizinthu zongoganizira: mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka magombe ambiri anamira, ndipo malo amene anthu anajambulapo zithunzi chaka chinacho anali pansi pa madzi. Gombe limayenderedwa ndi mapazi chaka chomwecho, osati pa chithunzi.

Kukweza anthu m'boti nako kuli ndi dongosolo lake. Katundu wolemera, monga matumba a mpunga, makireti a zakumwa ndi jenereta, amaikidwa pansi ndi pakati, ndipo ngati nkotheka amatsogola ndi boti lakelake dzulo lake. Agogo amakhala pakati chakumbuyo, pamene boti silidumpha kwambiri. Ana amakhala pakati pa akuluakulu, osati m'mphepete. Anyamata a nyonga amakhala kutsogolo kuti akadumphire m'madzi ndi kugwira boti pofika, chifukwa magombe ambiri a kuno alibe doko. Munthu amatsikira m'madzi ofika m'mawondo, ndipo malo ena pansi pali miyala yoterera. Diresi la mkwatibwi silivalidwa m'boti. Limakulungidwa m'pulasitiki, kenako m'chitenje, nkunyamulidwa ndi mayi mmodzi amene alibe ntchito ina ulendo wonse. Aliyense avale jekete loyandamitsa, ngakhale atsibweni a mkwati akane kuti likuwaipitsira suti. Ndipo pamene amayi ayamba nyimbo ndi nthungululu poona gombe, woyendetsa akhale atawachenjeza kale kuti aimbe ali chikhalire: maboti ambiri amapendekeka osati pakati pa nyanja, koma pafupi ndi mtunda, anthu akaimirira onse mbali imodzi kupereka moni kwa abale.

Wolemba nkhani ino anaphunzira zimenezi kwa atsibweni ake, mkulu wina wa kumpoto kwa Messumba amene anakulira m'maboti a matanga, injini zisanachuluke. Mkuluyu sankadziwa kuwerenga, koma ankadzuka tambala woyamba, nkupita kugombe, nkukhala chete nthawi yaitali akumvetsera mmene mafunde akumenyera miyala. Mphwawoyo ankamutenga, osamufotokozera kanthu. Ankangomufunsa kuti mphepo ikuchokera kuti, ndipo akalakwa ankamusiya pamenepo mpaka kutacha kuti adzionere yekha. Zaka ziwiri zoyamba mnyamatayo sanaloledwe kugwira chiwongolero. Ntchito yake inali kukapa madzi ndi chigubu chodula, kupinda thanga, kusamala nkhafi ndi kuwerenga anthu pokwera ndi potsika. Tsiku lina atawerenga mosasamala nkusiya mwana wina ali mtulo pansi pa mtengo wa mango, mkuluyo anabweza boti lonse, ndipo sabata yathunthu mnyamatayo anayenda pansi m'mphepete mwa nyanja boti likumudutsa.

Chimene sichiiwalika ndi ukwati wina wa pa Likoma, wa m'mwezi wa Julaye. Mkwati anali wa kuno, ndipo abale ake onse anali pagombe m'mawa wa Loweruka, atavala, mbuzi zitamangidwa miyendo, ng'oma zili pamutu. Mkuluyo anayang'ana kumwera nkunena kuti sawolotsa munthu. Anamunyoza, ena anati wadyetsedwa ndalama ndi mnyamata wina amene ankamufunanso mtsikanayo, ndipo nkhoswe inamuopseza kuti ikamusumira kwa amfumu. Iye anangokhala pa mchenga nkumapota chingwe. Dzuwa lisanafike pamutu mwera unali utakwiya kotero kuti ngakhale asodzi olimba mtima anabwerera. Anawoloka Lolemba m'bandakucha, ukwati unamangidwa Lachiwiri, ndipo palibe anamira. Mkuluyo sanabwererenso ku nkhaniyo. Chimene anasintha ndi chakuti kuyambira pamenepo sankavomera ukwati uliwonse pokhapokha ngati eni ake alola kuwoloka masiku awiri tsikulo lisanakwane, ndipo lamulo limeneli ndi limene akonzi enieni a pa gombe lino amalitsatabe.

Nchifukwa chake zimawawa kuona anthu amene lero akudzitcha akonzi a maukwati a kunyanja. Ali ndi foni, tsamba la pa Facebook ndi zithunzi za magombe amene sanapondepo. Mtengo wawo ndi wotsika chifukwa achotsamo zonse zimene sizioneka pa chithunzi: boti lachiwiri, mafuta apadera, majekete, malo ogona a usiku wowonjezera. Amabwereka boti la usodzi la injini imodzi yotopa, nkuthiramo anthu opitirira muyeso m'mawa wa tsiku lomwelo la ukwati. Nyanja ikagona, amatamandidwa kuti ndi otchipa. Ikadzuka, foni yawo imazimitsidwa, ndipo eni ukwati amathamangira kwa mkonzi yemwe uja amene anamukana kuti ndi wodula.

Mwezi wakumwamba nawonso uli ndi mbali yake. Nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'nyanja ngati utsi wa moto wolusa, timakonda kutuluka mwezi ukakhala mu mdima, ndipo timathamangira kuwala. Phwando la usiku la magetsi oyera pagombe likhoza kudzazidwa nato mpaka m'mbale za chakudya. Mwezi wowala ndiye wabwino ku gule ndi ku zithunzi. Koma mwezi ukawala usipa umasowa, chifukwa asodzi amaukopa ndi nyali mu mdima. Choncho wosankha mwezi wowala agulire ndiwo zake nthawi ikadalipo. Alendo onse amafunsa chambo, pomwe chambo chachikulu sichipezekanso wamba ngati kale. Nsomba ya ulemu pa gombe lino ndi kampango wowamba pa moto wa nkhuni zouma usiku wonse, pang'onopang'ono, mpaka khungu litafiira ndi mafuta ake omwe, kenako nkumuphika ndi tomato ndi anyezi basi. Ameneyu safuna ayezi, amapirira ulendo wa boti ndi kutentha kwa Okutobala, ndipo amayenda bwino ndi mpunga komanso ndi kondowole, nsima ya chinangwa imene eni gombe amadya. Wothira kampango zokometsera zambirimbiri za m'botolo wamuwononga.

Gombe lili ndi eni ake. Mkonzi amayamba wakaonekera kwa amfumu, kupempha malo ndi kuwaitana ku phwando, ndipo amagwirizana ndi asodzi kuti tsikulo asayanike usipa pamalopo. Magule a kuno, chioda cha amayi ndi mganda wa abambo, amavinidwa ndi magulu a m'midzi amene amasiya minda ndi maukonde awo kuti akonzekere. Ayenera kulipidwa mokwanira ndi kudya chakudya chomwecho chimene alendo akudya.

Pa za ndalama ndi pamene makasitomala amatopetsa. Munthu amene walipira wojambula wochokera ku Lilongwe mosanyinyirika amafuna kutsitsa mtengo wa mafuta a boti, osaganiza kuti petulo wa kuno wayenda ulendo wochokera ku Lichinga, makilomita opitirira 100 kufika ku Metangula kokha, asanapitirire kumpoto. Wina amanena kuti abwera anthu 40, pa tsikulo nkutsika 70, onse oyembekeza mpando ndi mbale. Wina amafuna kulipira m'makwacha pa mtengo wosinthira wa mwezi watha, pomwe nsomba, nkhuni ndi amayi ophika amalipidwa m'metikali lero. Ambiri amalonjeza kuti adzamaliza ngongole ndi ndalama za perekaniperekani, kuiwala kuti ukwati wa kutsidya uli ndi alendo ochepa ndipo mbale siidzadza ngati ya mu holo ya m'tauni. Mkonzi amene walola zimenezi kamodzi salolanso: theka limaperekedwa pogwirizana, lotsalalo boti lisananyamuke.

Hanimuni siivuta alendo akachoka. Kumwera kwa Cóbuè kuli Nkwichi, malo ogona alendo amene dzina lake linachokera ku mchenga wake wolira pansi pa mapazi, ndipo amafikako ndi boti. Madzi a mbali imeneyi ndi gawo la malo otetezedwa a nyanja amene boma la Mozambique linakhazikitsa mu 2011, ndipo mbuna za mitundumitundu zimaoneka m'miyala popanda kupita kwakuya. Tsiku limodzi akwati angathe kuwolokera pa Likoma kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903. Atenge neti ndi mankhwala a malungo, ndalama za m'manja zokwanira, ndipo asadalire foni paliponse.

Ulendo wobwerera umafuna chisamaliro chomwecho. Wokwera ndege pa Likoma, kapena wodikira sitima ya Ilala imene imafika pa chilumbapo masiku ake okha pa sabata, awoloke dzulo lake nkugona konko. Ofuna kumanga ukwati pa gombe la Lago alankhule ndi mkonzi miyezi isanu ndi umodzi nthawi isanakwane, asankhe Seputembala kapena Okutobala mwezi ukuwala, ndipo ngati ukwati uli Loweruka, alendo awo onse akhale atawoloka pofika Lachinayi m'mawa.