Mnyamata amene ndinamuchotsa mukwaya

Lero ndabwera kudzavomera kulakwa kwanga.

Mumpingo mwathu kuno ku Mponela munali mnyamata wamasiye. Mmawa ankadyetsa mbuzi za agogo ake, masana n'kumakakhala pa benchi ya okonza mafoni pamsika. Ine ndinkamukalipira kuti, "Mwana iwe, mafoniwa adzakutayitsa." Mpaka ndinamuchotsa mukwaya.

Koma anakhoza MSCE, nasankhidwa ku MUST, ku Thyolo, kukaphunzira za chitetezo cha makompyuta. Fizi itavuta, amayi amumpingo anagulitsa mtedza ndi soya n'kumusonkhera. Ine abusa sindinaponyepo olo tambala.

Pano ali ku Lilongwe, ntchito yake ndi kutchinga mbava za pa intaneti. Mwezi watha wina anandiimbira, akuti ndi wa kukampani ya mafoni, ndimuuze PIN yanga. Mufonimo munali chopereka chogulira malata a tchalitchi. Ndinakumbukira zomwe mnyamatayu anandiuza: "Abusa, PIN sauza munthu, ngakhale ineyo." Ndinadula foni. Malata tagula!

Samueli anayang'ana msinkhu, Mulungu anasankha Davide wakubusa. Makolo anzanga, luso limene simukulimvetsa musalitemberere. Ine ndinapita kukamupepesa, ndipo anandikhululukira.

Amene mwamva, lembani Ameni.